Nyimbo Yomwe Ndinapekera a Nkhoma

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kwa agogo anu, sindizibwereza. Ndiyambira pomwe ndinayamba kudya thukuta langa. Chimodzi chokha ndikonze: sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo sichinali chifukwa cha fizi monga ndinkakuuzirani muli aang'ono. Ndinathyola ndodo ya aphunzitsi pamaso pa kalasi yonse, ndipo atandiuza kuti ndikabwere ndi makolo, sindinabwererenso. Ndinali wamtima wapachala. Mukamawerenga zotsatirazi muzikumbukira zimenezo, koma musaziyese chowiringula.

Chaka chomwe makuponi a feteleza anayamba

Ntchito yanga yoyamba inali pa esiteti ina ya fodya mbali ya kwa Lukwa. Ndinkakhala mu shedi kusankha fodya, wofiira payekha, wotuwa payekha, wong'ambika payekha, kuyambira m'mawa mpaka maso kuchita chidima. Fumbi la mmenemo ndi lomwe linayamba kundidya chifuwachi. Kapitao wathu anali wa kumpoto, munthu woti akakwiya Chichewa chinkamuthawa, ndipo ine ndinaphunzira kumuyerekeza mawu ndi kayendedwe komwe. Akangotuluka, shedi yonse inkagwa ndi phwete. Tsiku lina anabwerera msanga nandipeza ndili pakati pa sewero langa, chipewa chake chili pamutu panga. Anandimenya khofi, ine ndinamuponyera mtolo wa fodya kumaso, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinali pamsewu ndi kachikwama kanga. Ndinakhalako nyengo ziwiri zokha za fodya.

Zaka za ku Mtunthama

Kumudzi sindinafune kukhala. Ndinapita ku Mtunthama, komwe ndinkagwira maganyu otsitsa katundu pa golosale ya Che Amidu. Iwowa anali Msilamu, wamalonda wofatsa, ndipo kuseri kwa golosaleyo anali ndi holo ya vidiyo: nyumba ya njerwa zosawotcha, mabenchi a matabwa, kanema mmodzi ndi jenereta. Tsiku lina anandimva ndikuyerekeza dalaivala wa lole akukangana ndi mkazi wake pa foni, mawu onse awiri ndikutulutsa ndekha. Anandiitana. "Lufeyo, pakamwa pakopa pakungowonongeka. Chingerezi umamva?" Ndinati, "Kwambiri, bwana." Bodza langa loyamba pa ntchito imeneyo linali limenelo.

Ntchito yake inali yomasulira mafilimu. Ndinkakhala pambali pa kanema, maiki ili m'manja, kutsitsa mawu a filimu, n'kumayankhula m'Chichewa zomwe anthu a mufilimumo akunena. Chingerezi changa chinali cha moni ndi cha kukhala pansi basi. Ndiye ndinkangoyang'ana nkhope. Munthu akakwinya pamphumi, ndimupatse mawu aukali. Akagwira mkazi dzanja, ndimufunsirire. Ndipo kuti anthu aseke, ndinayamba kupatsa anthu a mufilimu mayina a anthu a pa Mtunthama pomwepo. Wonenepa aliyense anali a Jumbe ogulitsa nyama. Wamtali wovala magalasi anali telala wa pakhonde. Palibe amene ankakwiya. A Jumbe ankandibweretsera kanyenya Lachisanu n'kunena kuti, "Mawa ndisafe msanga, wamva? Sabata yatha unandipha filimu isanafike pakati."

Che Amidu anali ndi malamulo awiri: zolaula ayi, ndipo dzuwa likamalowa jenereta izime, iwo akapemphere. Anali bwana wabwino kuposa onse omwe ndinawagwirirapo. Ndinakhala nawo zaka zinayi, ndinakwatira amayi anu ndili pomwepo, ndipo pamsika anthu ankandilozera alendo kuti, "Uyo ndiye amamva chizungu chonse."

Okutobala wa chaka chomwe petulo ankasowa

Chaka chimenecho makuponi a feteleza anabwera ochepa. Mnzanga wa kabaza anandiuza kuti mayina atayitanidwa pabwalo la sukulu kwathu, la amayi anga silinamveke. Amayi anali amasiye, munda wawo wamchenga, wopanda feteleza sungatulutse kanthu. Wapampando wa komiti yolemba mayina anali a Nkhoma, mkulu wa mpingo wathu, mlimi wa fodya, munthu wosaseka. Ndinakumana nawo pamsewu akukankha njinga, ndipo ndinawaimitsa osapereka ndi moni womwe. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Nkhani za mudzi zimakambidwa kumudzi, osati pamsewu. Iwe ukhale kaye ndi munda, ndiye udzandifunse za feteleza." Anakwera njinga napita. Kumudzi kunali ulendo wa ola limodzi wapansi, koma sindinapite kukafunsa amayi.

Sabata yomweyo tinalibe filimu yatsopano, poti wotibweretsera zimbale kuchokera ku Lilongwe anasowa galimoto. Che Amidu anabwereka chimbale kwa kasitomala wawo, Mayi Mwale, mphunzitsi wa pa sukulu yogonera konko ya pa Mtunthama pomwepo. Mayiwo anati filimuyo inachokera m'buku lakalekale lodziwika maiko ambiri, kuti anthu anayamba alisandutsa sewero loimba, ndipo ana awo a sukulu analichitapo mu holo yawo. Mwa masiku onse ndinkayamba ndaonera filimu ndekha kuti ndidziwe komwe ikupita. Ulendo uno petulo anali wokwana chionetsero chimodzi chokha. Ndinaiona koyamba pamodzi ndi anthu, Loweruka masana, tsiku la msika, holo itadzaza.

Inali ya dziko lozizira, anthu ovala nsanza, chaka cha njala. Ndipo aliyense ankaimba. Wogula akuimba, wogulitsa akuyankha moimba, ngakhale wodwala pamphasa akuimba. Anyamata a kumbuyo anayamba kuwombera mabenchi. "Kodi tabwera ku kwaya?" Wina anati, "Lufeyo, afunse kuti amenyana nthawi yanji, tikayambe tadya." A Jumbe anafuula kuti, "Ine ndiye uti pamenepa? Onsewa ngowonda!" Amayi ogulitsa tomato okha ndi omwe anakhala chete, ndipo mkulu wina, a Jere, tenanti wa pa esiteti, anati, "Tangokhalani chete inu, anthu awa ali ndi njala ngati yathu yomwe." Koma ena anali atayamba kutuluka, ndipo ine thukuta linali kamukamu, chifukwa munthu woimba nkhope yake siikuuza kanthu.

Kenaka panabwera malo ena. Mzere wa anthu osauka pakhomo pa nyumba yosungira chakudya, ndipo pakhomopo bambo wovala jekete lakuda, pepala lili m'manja, akuwabweza mmodzimmodzi. Atatha anatseka chitseko, natsala yekha pakati pa matumba, akuwasisita, n'kuyamba kuimba nyimbo yapansipansi yokoma kwambiri. Sindinaganize. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Awa ndiye a Nkhoma." Holo inaphulika. Omwe anali pakhomo anabwerera. Mawu a filimu sindinawatsitse monga mwa masiku onse, ndinaimba pamwamba pake, m'chuni chomwecho: thumba ili ndi langa, ili la akazi anga, ili la alamu anga, amasiye akathire phulusa. Anandibwezetsa malo amenewo katatu. Kachitatu holo yonse inkaimba. Filimu yotsalayo ndinaikhotetsa kuti igwirizane ndi bodza langa, ndipo kumapeto bambo uja atafa, anthu a mufilimu akulira pamaliro pake, ndinati akulira makuponi awo omwe wapita nawo kumanda. Ndinatuluka mu holomo anthu akundigwira chanza. Ndinali wokondwa, sindingakubisireni.

Sabata yotsatira

Lamulungu ana anaimba nyimboyo pampanda wa tchalitchi. Lolemba inali kuchigayo. Lachiwiri m'mawa a Nkhoma anapeza nazale yawo ya fodya kudambo itapondedwapondedwa, udzu wophimbira utamwazidwa, makheni othirira atabooledwa ndi chikwanje. Mbande zinali zitatsala masabata ochepa kuti ziwokeredwe, ndipo nthawi yofesa zina inali itadutsa. Akazi awo akafika pamjigo, amayi anzawo ankangoyamba chuni chija chapakhosi, osatchula mawu. Kenaka tinamva kuti seshoni, bwalo la akulu a mpingo, ikhala pa nkhani yawo kuti aone ngati angapitirize ukulu.

Lachitatu amayi anga anabwera wapansi ku Mtunthama. Anandipeza ndikusesa mu holo, ndipo anakana kukhala pa benchi.

"Lufeyo, unandifunsa ine?"

"Ndikufunseni chiyani, amayi? Dzina lanu silinatuluke."

"Makuponi anachepa. Tinagwirizana tonse pabwalo kuti tigawane mabanja awiriawiri. Ine ndili pa dzina la anaBanda, thumba limodzi iwo, limodzi ine. A Nkhoma anabwera okha pakhomo panga kudzandifotokozera, anakhala pamwala paja pomwe ankakhala bambo ako. Munthu uja pakamwa pake mpowawa, tonse timadziwa. Koma sanabe."

Ndinati ine ndimangoseketsa anthu, nazale sindinaiponde. Amayi anati, "Mapazi anali a ena, inde." Anamanga chitenje chawo nabwerera osamwa ndi madzi omwe.

Tsiku lomwelo Mayi Mwale anabwera kudzatenga chimbale chawo, ndipo pakhonde pa golosale anamva anyamata a kabaza akuimba. Chunicho anachizindikira, mawuwo ayi. Atafunsa, Che Amidu anandiitana. Mayiwo sanakweze mawu. Anati bambo wa jekete lakuda uja sanali wakuba. Matumba aja munali mchenga. Akuluakulu a mzindawo anali atagulitsa chakudya chonse n'kumulamula kuti asaulule, kuopa chipolowe, ndipo iye ankabweza anthu chifukwa analibe chowapatsa. Nyimbo ija inali pemphero, ankapempha Mulungu kuti amuchotse pakhomo paja asanaonenso nkhope ya mwana wina wanjala. Pamaliro paja anthu ankalira chifukwa anali atatsegula matumba n'kuona okha. "M'buku muli zambiri zomwe filimu inadumpha," anatero, "koma malo amenewa sanawasinthe. Ana anga atawachita pa sukulu, makolo anapukuta misozi." Kenaka anandiyang'ana. "A Phiri, kodi Chingerezi mumachimva?"

Che Amidu anayang'ana sikelo yawo ya shuga nthawi yaitali.

Mayiwo atapita, Che Amidu anati, "Ndinkadziwa kalekale, Lufeyo. Ndimapita ku Lilongwe ine, Chingerezi pang'ono ndimamva. Koma anthu ankasangalala. Tsono mvera: pita kwa a Nkhoma mwakachetechete, ugwade, upepese. Zithere pomwepo. Ukakanena pagulu kuti sumva chizungu, ntchito yako yatha, ndipo mkazi wako ali ndi pakati." Malangizowo anali achifundo. Koma ndinkadziwa kuti seshoni siidzamva za kupepesa kwa kuseri kwa nyumba, idzamva zomwe mudzi wonse ukuimba.

Musaganize kuti ndinasankha bwino nthawi yomweyo. Masiku awiri ndinakhala ndikukwiyira Mayi Mwale, ndikunena kwa amayi anu kuti anthu ophunzira amakonda kunyoza anzawo. Lachisanu ndinapita kumudzi modzera kudambo, ndikudziuza kuti ndikungodutsa. Pa nazale paja ndinapeza akazi a a Nkhoma okha, atagwada m'matope, akudzutsa mbande yothyoka imodziimodzi n'kumaiunjikira dothi kuti iime. Zambiri zinkagwanso akangochotsa dzanja. Atandiona anapukuta manja pachitenje, nawomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji a Phiri? Apongozi athu, akazi anuwo, kunyumba ali bwanji, paja tinamva kuti ndi oyembekezera?" Akanandilalatira ndikanawayankha, kulalata ndinkakudziwa. Ndinangoti ali bwino, ndinabwerera ku Mtunthama, ndipo ndinapita molunjika kukagogoda kwa Mayi Mwale kukawapempha kuti adzamasulire filimuyo pagulu.

Loweruka lachiwiri

Nditawauza zomwe ndasankha, Che Amidu anapeza petulo kwa mnzawo wa chigayo, ndipo anati tsiku limenelo aliyense alowe ulere. Abusa anatumiza akulu a mpingo awiri kuti adzamve. Holo inadzaza kuposa poyamba, poti anthu ankafuna kudzaimbanso. Ndinaima kutsogolo, kanema asanayatsidwe, maiki ili m'manja mwanga. Ndinati, "Abale anga, ine Chingerezi sindimva. Sindinachimvepo. Zaka zonsezi ndakhala ndikupeka. Nyimbo ya a Nkhoma ndinaipeka chifukwa anandiyankha mwano pamsewu. Amayi anga feteleza alandira. Lero mumva zomwe munthu uja amanena, kuchokera kwa amene akumva."

Poyamba anaseka, ankayesa ndi sewero lina. Kenaka anaona kuti ine sindikuseka. A Jumbe ndi omwe anayamba: "Ndiye ukutanthauza kuti ine sindinagonjetse asilikali aja ndi manja?" Ena anaseka, koma kumbuyo wina anafuula kuti, "Wabodza!" ndipo chitsononkho cha chimanga chinandimenya paphewa. Magazi anandithamangira kumutu monga kale. Ndinamuona amene anaponyayo. Ndinapereka maiki kwa Mayi Mwale n'kukakhala pansi, pasimenti, manja nditawapanikiza ndi mawondo.

Mayiwo ankamasulira pang'onopang'ono, ngati ali m'kalasi, nthawi zina n'kuimitsa filimu kuti afotokoze. Anyamata ambiri anatuluka isanafike pakati. Mmodzi podutsa anandigunda ndi phazi n'kunena kuti, "Yako ija inali yokoma, Lufeyo, iyi ndi ulaliki." Koma omwe anatsala anatsaladi. Pa nyimbo ija, mayiwo atanena mawu ake enieni, palibe anaimba. A Jere anavula chipewa. Mayi wina wa tomato analira mokweza n'kunena kuti chaka cha njala chija iye anaima pamzere wotero kuyambira m'mawa, ndipo mpaka lero ankamutemberera kalaliki yemwe anamubweza. Filimu itatha anthu anakangana panja. Ena ankati bamboyo anali wamantha, akanangotsegula matumba tsiku loyamba. Ena ankati mukanakhala inu mukanatani, akuluakulu atakuopsezani. Telala uja anati zonse nzabwino koma kuimbako kunachuluka, munthu sungafe ukuimba. Akulu a mpingo aja anabwerera kukafotokozera abusa.

Seshoni itakhala, inapeza kuti a Nkhoma alibe mlandu. Ine Che Amidu anandisunga mwezi umodzi, koma ndikangotsegula pakamwa holo inkafuula kuti, "Wamva kapena ukupeka?" Anandimasula mwaulemu, ndipo ndi iwo omwe anandipezera ntchito kuchigayo cha mnzawo uja, komwe ndagwira zaka zonsezi mpaka chifuwa chandikhazika pansi.

Mvula yoyamba ya chaka chomwecho

Ndinapempha mbande zotsala kwa amalume ndi kwa anzanga awiri, ndinazinyamula m'dengu pamutu kupita nazo kwa a Nkhoma. Zinali zosakwana ngakhale theka la munda wawo. Ndinawapeza akunola khasu. Ndinagwada, ndinanena zonse zomwe ndinakonza m'njira. Anandisiya ndimalize, kenaka anasuzumira m'dengu muja, natola mbande imodzi n'kuyang'ana mizu yake.

"Izi ndilandira," anatero. "Ndipo ndamva zomwe unachita mu holo muja. Sichinali chapafupi. Ineyo pamsewu paja ndinakuyankha moipa, zimenezo ndi zanga. Koma ndikufunse, mwana wanga. Mu holo mwako mumalowa anthu angati?"

Ndinati mwina makumi asanu ndi limodzi, akapanikizana.

"Amenewo wawauza zoona. Dzulo mdzukulu wanga wabwera kuchokera kwa Mwase, akuti kumeneko akuiimba pa mpira. Amenewo ukawauza liti?"

Tinawokera mbandezo limodzi, iwo mzere wawo, ine wanga, mpaka dengu linatha.

A Nkhoma anatula pansi udindo wa komiti chaka chomwecho. Ukulu wa mpingo anakhala nawo, koma anasiya kuwerenga mawu kutsogolo, chifukwa akangoimirira, kumabenchi a achinyamata kunkamveka kachuni kaja chapansipansi. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankakhala pampando wakumapeto, pafupi ndi zenera. Atamwalira ndinali m'gulu lokumba manda, ndipo akazi awo anandipatsa okha madzi osamba m'manja.

Mwezi wathawu

Tadala, mwana wanga, gawo ili ndi lako. Unali pakhonde ukutsuka mbale, ine ndili gone m'nyumba, ndipo ndinakumva ukuimba. Chuni chinali chitasintha pang'ono, chathamanga, koma mawu anali omwewo, ndipo dzina la a Nkhoma linali momwemo. Ndinatuluka ndikukuwa, mbale inagwa n'kusweka, iwe unalira n'kunena kuti ndi nyimbo chabe yodumphira chingwe kusukulu, aliyense amaiimba, ndipo Nkhomayo palibe amamudziwa. Ndinafuna kukufotokozera pomwepo koma chifuwa chinandigwira, ndipo amayi ako anandilowetsa m'nyumba.

Sunalakwe. Ine ndinkawadziwa. Anali a Yeremiya Nkhoma, anali ndi njinga yakuda ndi pakamwa powawa, ndipo sanabe thumba la munthu. Anzako sindingawaletse, ndayesa kwa zaka zambiri ndipo ndalephera. Koma ukadzawamva akufika pa dzinalo, uwauze kuti wopeka nyimboyo ndi bambo ako, Lufeyo Phiri, ndipo ngati chingwe chikufuna dzina la munthu kuti chizungulire, aikepo limenelo.